Woyamba Kuweruka

Pa ofesi pathu panali lamulo limodzi lomwe silinalembedwe papepala lililonse, koma linali lolimba kuposa onse olembedwa: munthu saweruka bwana asanaweruke. Ine ndinalipeza, anzanga onse analipeza, ndipo a Malume, amene anayamba ntchito kampani yathu ili ndi lole imodzi yokha, ankati nawonso analipeza. Ndikukayika. Ndimaganiza kuti analiyambitsa ndi iwowo, koma sindinawafunsepo, chifukwa a Malume ukawafunsa kafunso kakang'ono amakuyankha ndi mbiri ya moyo wawo wonse. Si malume ake a munthu aliyense pa ofesipo, ndi dzina chabe la ulemu.

Ntchito yathu ndi yopezera anthu malole onyamula katundu. Wina akusamuka nyumba, wina wagula simenti, wina akufuna mafiriji afike ku sitolo, amaimba foni, ndipo woyankha foniyo ndine. Ofesi yake ndi chipinda chimodzi chachitali pamwamba pa nyumba ya nsanjika, madesiki m'mizere iwiri, pakati pa denga pali getsi lomwe lakhala likuphethira kuyambira kalekale. Kumapeto, pafupi ndi khomo lotulukira, pali kachipinda ka magalasi ka bwana. Amene anamanga kachipindako ankaudziwa mtima wa munthu, chifukwa sungafike pa masitepe osadutsa pamaso pa bwana. Galasi lake kuyambira pansi kufika m'chiuno ndi lachimbuuzi, koma kumtunda limaonetsa zonse.

Nthawi ya bwana wathu wakale lamuloli silinkavutitsa munthu. Faifi koloko ikangokwana, akazi awo ankaliza hutala pansi pa msewu, ndipo bamboyo ankatsika masitepe jekete lili m'manja. Zikatero a Malume ankadzuka, n'kutenga chipewa chawo pamsomali, n'kuchivala. Chipewacho ndiye chinali belu lathu. Tinkaweruka tikudzimva kuti ndife anthu aulemu, pomwe ulemuwo sunkatitengera kanthu.

Bamboyo atapuma pa ntchito, kulikulu anatitumizira mayi wochepa thupi, woyenda mwachangu, amene anali atangomaliza sukulu ya utsogoleri. M'mawa woyamba anatiimika mozungulira pakati pa ofesi n'kunena kuti safuna kutchulidwa bwana, kuti ife ndife banja limodzi, kuti mtsogoleri sathamanga yekha kusiya anthu ake m'mbuyo. Mawu alionse ankawamaliza ndi "tili limodzi." Pofika masana dzina linali litapezeka kale, anali Mayi Tilimodzi. Sindibisa, ine ndinawakonda. Anali bwana woyamba kundifunsa ngati mpando wanga sundipweteka msana, ndipo mawa lake ndinapeza mpando wina.

Madzulo a tsiku loyambalo faifi inakwana, tinazimitsa makompyuta, zikwama pamiyendo, maso ku galasi. Mayi Tilimodzi anali phee pa desiki pawo. Tinayang'ana a Malume, a Malume anayang'ana chipewa, chipewa chinakhalabe pamsomali. Mmodzimmodzi tinayatsanso makompyuta. Tinakhala choncho mpaka seveni, pamene alonda a nyumba yonse anakwera akugwedeza makiyi kuti akufuna kutseka chitseko chapansi. Apo Mayi anatuluka, anagwira chitseko, n'kumatiuza kuti tipite patsogolo, iwo atuluka pomaliza. Tinawathokoza kwambiri, tikuti taonani kudzichepetsa.

Pa masitepe a Malume anatikhazika mitima pansi. Anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, mayiyu akutiyesa kuti aone wolimba ndi waulesi, koma sabata isanathe atopa yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero. Sabata inatha, mwezi unatha, nkhono osatulutsa maso.

Tonse zinkatipweteka, koma amene zinkawadya kwenikweni anali a Mapasa. Tinkawatchula choncho chifukwa ali ndi ana awiri amapasa, ndipo chithunzi chawo anachimata pambali pa kompyuta. Ndi munthu wamtali, wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo desiki lawo linayang'anizana ndi langa. Ntchito yawo ndi kugawira madalaivala maulendo. Anali atakhala nthawi yaitali pakhomo osapeza ntchito, ndipo apa anali akadali m'miyezi yoyesedwa. Woti asaine kuti akhazikike kapena apite anali Mayi Tilimodzi. Munthu wotereyo sangakhale woyamba kudutsa pagalasi.

Koma kunyumba kunali pangano. Akazi awo, amene ine ndimawatcha alamu, anali atayamba maphunziro a zamagetsi a madzulo ku koleji. Ndi chinthu chomwe anachilakalaka kuyambira ali kamtsikana komasula mawailesi a bambo ake, ndipo anachidikira zaka, poyamba chifukwa cha mimba, kenako chifukwa cha ana, kenako chifukwa bambo anali pa ulova. Pangano linali lakuti masana alamu akhale ndi ana, a Mapasa akaweruka afike msanga, alandire ana pakhomo, alamu athamangire kalasi. Ku kolejiko saseka ndi munthu: ukajomba kwambiri sulemba mayeso. Chibwerere Mayi Tilimodzi, alamu ankafika kalasi itatha kapena osapita n'komwe. Faifi ikakwana foni ya a Mapasa inkayamba kunjenjemera pa desiki, iwo n'kuivundikira ndi fayilo.

Tsono kukhala pa desiki maola awiri wopanda chochita, bwana akukuona pagalasi, ndi ntchito yowawa kuposa ntchito yeniyeni. Palibe anachita kupangana, koma tonse tinapeza nzeru imodzi: kusunga ntchito ya m'mawa kuti tidzaigwire madzulo. M'mawa tinkangotsegula mafayilo n'kutsekanso. Madalaivala ankagona m'malole pansi kudikira mapepala omwe akanatha kutuluka dzuwa lisanatenthe. Wa makompyuta wathu, amene tinkamutcha Zimitsani chifukwa vuto lililonse amaliyankha kuti "zimitsani muyatsenso," anayamba kunena kuti adzazimitsa madzulo. Inenso ndinkangolemba manambala a oimba foni n'kumawaimbira nthawi imene akusambitsa ana. Mayi wina anandilalatira kuti mipando yake yavumbwa panja tsiku lonse kudikira lole yomwe inali itaima pansi pa zenera langa. Koma faifi ikangokwana, ukanationa! Mafoni kulira, mapepala kuuluka, anthu kuthamanga ndi mafayilo, thukuta kamukamu.

Tsiku lina ndinati bwanji wina angowafunsa Mayi kuti kodi amaweruka nthawi yanji. A Malume anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Anati kufunsa bwana nthawi yoweruka n'chimodzimodzi kumuuza kuti ntchito yakukwana, ndipo anatchula anthu angapo amene anachotsedwa kalekale pa zifukwa zomwe sizinkagwirizana n'komwe ndi nkhaniyo. Ine pakamwa ndili napo pa foni, koma pagalasi paja pakamwa panga pamauma. Nkhani inathera pomwepo.

A Mapasa anayesa njira yawoyawo. Madzulo ena anasiya jekete pampando kuti azioneka ngati angopita kuchimbudzi, anayenda mpaka pomwe galasi limayambira, n'kugwada, n'kuyamba kukwawa pansi pa mbali yachimbuuzi ija. Munthu wamtali chotere akamakwawa msana umatsalira m'mwamba. Atatsala pang'ono kufika pakhomo, chitseko cha galasi chinatseguka, Mayi Tilimodzi anatuluka ndi kapu m'manja, n'kutsala pang'ono kuwaponda zala.

"A Mapasa, kwagwanji?"

"Ndikufuna ndolo, mayi."

Mayi anayang'ana makutu a a Mapasa.

"Ya achemwaliwa," anatero a Mapasa akuloza ine.

Sindinavulepo ndolo mwachangu ngati tsiku limenelo. Ndinaibisa m'dzanja n'kupanga nkhope ya munthu wotaya chuma. Mayi anaika kapu pansi, anavula nsapato zawo zazitali, n'kugwada. Anati vuto la mmodzi ndi vuto la tonse, tili limodzi. Bwana akagwada iwe sungaime, choncho ofesi yonse inagwada, ndi a Malume omwe, amene mawondo awo analira mpaka tinawamva. Tinasuntha kabati ya mafayilo. Tinapeza sitepula yomwe inasowa kalekale anthu mpaka kunamizirana kuba, tinapeza supuni ya a Malume, tinapeza mphemvu zakufa. Nditaona kuti a Mapasa akuyang'ana wotchi misozi ili pafupi, ndinaponya ndoloyo pansi pa desiki kuti ipezeke. Anaipeza ndi Zimitsani, ataiponda. Mayi anaomba m'manja n'kunena kuti taonani zimene gulu logwirizana limachita. Apo n'kuti kalasi ya alamu itayamba kale, ndipo ndolo yanga ili yopindika mpaka lero.

Mawa lake madzulo panafika tiyi ndi mabisiketi. Mayi anati aona mmene tikuvutikira ndi ntchito mpaka mdima, ndipo sangatisiye ndi njala. A Malume anatenga bisiketi imodzi, anaiyang'ana mbali zonse, n'kutinong'oneza kuti umboni ndi umenewu: munthu sakupatsa tiyi wa madzulo ngati akufuna upite kwanu. Tinadya mabisiketi aja ndi chisoni, koma tinawamaliza.

Zinthu zikafuna kuipa zimabwera ndi nkhope yabwino. Kulikulu anamva kuti pali nthambi ina, yathuyi, yomwe antchito ake safuna n'komwe kupita kunyumba. Anasangalala kwambiri, ngakhale madandaulo a makasitomala anali atachuluka, ndipo anati madandaulowo akusonyeza kuti ntchito yakula. Uthenga unabwera wakuti bwana wamkulu adzafika yekha ndi wojambula zithunzi, nthawi yoweruka itadutsa, kuti adzatipeze tili pakalikiliki, atipatse chishango chaulemu, ndipo chithunzi chathu chitumizidwe ku nthambi zonse kuti anzathu atengere chitsanzo. A Malume anapita kukametetsa.

M'mawa wa tsiku la chishangolo a Mapasa anafika maso ali ofiira. Sanatsegule ngakhale fayilo yonamizira. Nditawafunsa anandiuza motsitsa kuti madzulo omwewo ku koleji kunali kalasi ya ntchito zamanja, ndipo aphunzitsi anali atanena kuti alamu akajombanso asadzabwerenso chaka chino. Dzulo lake atafika kunyumba anapeza alamu atalonga mabuku awo onse, pamodzi ndi kapulayala ndi kachipangizo koyezera magetsi, m'katoni, n'kuikweza pamwamba pa kabati ya zovala. Alamu sanakalipe, sanalire, anangowapatsa madzi osamba. Iwo anati mawa afika nthawi yabwino, ndipo alamu anayankha kuti asalonjeze, ana akumva.

"Bola akanandilalatira, achemwali," anatero. "Katoni ija ili pamene ndimaiona ndikagona chagada."

Zinandikhudza, ndipo ndinakwiya, koma sindinkadziwa woti ndimukwiyire. A Mapasa anapita kwa a Malume kukapempha nzeru. A Malume sanali munthu woipa mtima, anawamvera chisoni ndithu, koma anati tsiku lililonse likanatheka kupatula lero. Anati munthu wa miyezi yoyesedwa akatuluka bwana wamkulu ali pa masitepe, ndiye kuti wadzilembera yekha kalata yochotsedwa, ndipo mkazi wophunzira wa mwamuna wosagwira ntchito adya mabukuwo? A Mapasa anabwerera pa desiki. Ndinaona kuti ayamba kugwira ntchito, yeniyeni, m'mawa. Pofika masana madalaivala onse anali atalandira mapepala awo, ena mpaka anakwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Faifi inakwana. Ife tinayamba sewero lathu la masiku onse, ndipo tsikulo tinawonjezera mphamvu chifukwa kunkabwera kamera. Pakati pa phokosolo a Mapasa anazimitsa kompyuta, anavala jekete, anatenga chikwama, n'kuimirira. Phokoso linazima pang'onopang'ono. Anayenda pakati pa madesiki ataongoka, osakwawa, ife tikuwaperekeza ndi maso ngati munthu wopita kukachotsa dzino. A Malume anatseka maso. Atafika pagalasi sanadutse, anagogoda, n'kutsegula chitseko. Anachisiya chotsegula, ndiye tonse tinamva.

"Mayi, ine ndikupita. Ana akundidikira."

"Pitani, a Mapasa, musadandaule. Ntchito yotsalayo tigawana."

"Palibe yotsala, mayi. Ndinamaliza masana."

"Lero zinachepa?"

"Sizinachuluke n'kale lomwe. Timasungira madzulo kuti tizipeza chochita."

Mayi anafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani timakhala mpaka mdima.

"Timadikira inu, mayi. Pano munthu saweruka bwana asanaweruke."

Mayi Tilimodzi anaimirira pang'onopang'ono, ndipo apa m'pamene tinaona zimene galasi lachimbuuzi linkatibisira. Chikwama chinali kale pamiyendo pawo, chotseka. Kumapazi anali atavala kale nsapato zafulati zoyendera. Anatembenuza kompyuta yawo kuti tione, ndipo panali masewera a makadi.

"Ine ndimadikira inu," anatero.

Anatuluka n'kuima pakati pa ofesi, pansi pa getsi lophethira lija. Anatiuza kuti ku sukulu ya utsogoleri anawaphunzitsa kuti mtsogoleri sapita kukapuma anthu ake akadali pa ntchito. Tsiku loyamba anakonzeka kuweruka, koma atadzutsa mutu anaona tonse tili pa madesiki, ndipo anachita manyazi. Masiku otsatira ankationa tikuthamanga ndi mafayilo, n'kumadzifunsa kuti anthu awa ankatha bwanji kale. Anati kunyumba amakhala ndi bambo awo okalamba amene samwa mankhwala ngati sawapatsa iwo, ndipo madzulo alionse amawapeza atakhala pampando pageti, atakwiya, mankhwala ali m'thumba la malaya. Masewera a makadiwo anali atawamaliza onse n'kuyambiranso.

Palibe anaseka poyamba. Anayamba ndi Zimitsani, kenako ine, kenako Mayi eniakewo anaseka mpaka anagwira desiki, misozi ikutsika, ndipo sindikudziwa ngati yonse inali ya kuseka. A Malume okha sanaseke. Anati safunsa anadya phula, koma ananena moyang'ana ine, ngati kuti woletsa kufunsa uja ndinali ine.

Kenako a Malume anakumbutsa za chishango. Bwana wamkulu anali m'njira. Mayi anapukuta maso n'kunena kuti tonse tizipita, iwo atsala kuti amulandire ndi kumufotokozera. A Malume anati zimenezo sizingatheke, bwana sangatsale yekha antchito atapita. Mayi anati ndiye a Malume atsogole, iwo atsatira. A Malume anati ayi, atsogole ndi Mayi. Anaima pakhomo awiriwo, aliyense akulozera mnzake chitseko ndi manja awiri, mwaulemu woopsa, ndipo ndinaona kuti matenda aja ayambiranso tikuona.

Amene anatichiritsa anali masitepe. Tinamva phazi likutsika, di di di, mothamanga. A Mapasa sanadikire kuti nkhani ithe. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinatenga chikwama changa n'kudutsa pakati pa Mayi ndi a Malume, ena onse n'kunditsatira.

Bwana wamkulu tinakumana naye pakati pa masitepe, akukwera ndi wefuwefu, chishango chili m'khwapa, wojambula ali pambuyo. Masitepe athu ndi opapatiza, choncho anachita kutsamira khoma kuti tidutse. Aliyense ankamupatsa moni mwaulemu, "Mwaswera bwanji, bwana," n'kupitirira. Iye ankayankha mmodzimmodzi, nkhope ikusintha moni uliwonse. Atafika pamwamba anapeza ofesi ya anthu olimbikira ili mbee, muli mayi mmodzi wa nsapato zafulati ndi mkulu wometa bwino akukanizana kutuluka.

A Malume anatiuza mawa lake kuti Mayi sanabise kanthu. Anafotokoza zonse, za makadi zomwe, n'kunena kuti cholakwa chinali chawo chifukwa anatiuza kuti tili limodzi osatifunsa kuti tili pati. Bwana wamkulu sanasangalale. Wojambula anajambula chipewa pamsomali kuti asabwerere chimanjamanja. Chishango chinatsika masitepe momwe chinakwerera, ndipo tinamva kuti anakachipereka ku nthambi ina yomwe anthu ake amabwera ndi Loweruka lomwe. Mayi analandira kalata yowachenjeza kuti asamachititse manyazi akuluakulu. Pomaliza pake tsikulo Mayi ndi a Malume anatuluka limodzi, mapewa atagundana pakhomo, chifukwa palibe anagonja.

Za kunyumba a Mapasa anandiuza patapita masiku, ndipo ndinachita kuwakoka pakamwa. Anafika thukuta lili thupi lonse, anapeza alamu akuchapa zovala za ana. Analowa kuchipinda, anakwera pampando, anatsitsa katoni ija, n'kuiika patsogolo pawo. Alamu anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi yatha kale. Iwo anati kuchedwa si kujomba. Alamu anafunsa ngati ntchito ikadalipo, ndipo iwo anayankha zoona, kuti sakudziwa. Alamu anawayang'ana nthawi yaitali, anapukuta manja m'chovala chawo, anatenga mabuku ndi kapulayala, n'kutuluka ndi masilipasi omwe anachapa nawo. Ali pageti anabwerera n'kudzawauza kuti wamng'onoyo asamupatse mkaka wozizira. A Mapasa anati chiyambire ntchito sanamvepo bwino ngati nthawi imene anatsala okha ndi ana awiri olira ndi beseni la zovala.

Ntchito inalipo. Mayi anasaina kalata yawo yokhazikika mwezi womwewo. Malole anayamba kunyamuka m'mawa, mafoni olalata anachepa, ndipo mayi wa mipando yovumbwa uja anaimbanso kufuna lole, n'kudabwa itafika asanamalize kumanga katundu. Pa zimenezi kulikulu sanatumize chishango, ndipo mabisiketi anasiya kubwera, zomwe Zimitsani amadandaula nazo mpaka lero.

Mayi anaitanitsa msonkhano woimirira n'kulengeza kuti kuyambira tsopano aliyense aziweruka akamaliza ntchito yake, osayang'ana munthu. Tonse tinavomera ndi mtima wonse. Koma anthu amene azolowera belu sakhala opanda belu. Faifi ikakwana ndinkapeza maso anga apita okha kwa a Mapasa, ndipo nditayang'ana m'mbali ndinaona kuti si ine ndekha. A Malume sankakhudza chipewa a Mapasa asanavale jekete. Ngakhale kuseri kwa galasi mutu unkadzuka n'kuyang'ana komweko. Palibe analemba, palibe ananena, koma lamulo latsopano linali litabadwa: pano munthu saweruka a Mapasa asanaweruke. Silinkavutitsa munthu, chifukwa bamboyo sankachedwa ndi kamodzi komwe. Wantchito wina watsopano atafunsa chifukwa chake, ndinamva a Malume akumuuza kuti mwambowu anaupeza.

Alamu analemba mayeso, anakhoza, n'kulembedwa ntchito ndi kampani yokonza zamagetsi m'nyumba. Ana anayamba sukulu ya mkaka, ndipo kukawatenga madzulo inakhala ntchito ya bambo awo. Tsiku lina getsi lathu lija linasiya kuphethira n'kuyamba kununkha chopserera. Zimitsani analizimitsa n'kuliyatsanso, ndipo linathetheka. Mayi anaimbira eni nyumba, eni nyumba anaimbira kampani, ndipo masana kunakwera munthu wa ovolosi ya buluu atasenza makwerero. Anali alamu.

Anatipatsa moni ngati sakutidziwa, anaimika makwerero pakati pa ofesi, anakwera, n'kutsegula denga. A Mapasa anati makwererowo akugwedera, ngakhale sankagwedera, ndipo anapita kukawagwira. Anaima pamenepo mutu uli chagada, akuyang'ana akazi awo akusenda mawaya, kapulayala kaja kali m'dzanja. Alamu akati "tepi," iwo ankapereka tepi. Akati "musandigwedeze," iwo ankapepesa. Sindinaonepo mwamuna wonyada chotero chifukwa chokalipiridwa.

Faifi inakwana, n'kudutsa. A Mapasa sanayang'ane wotchi. Ife tinazimitsa makompyuta, zikwama pamiyendo. Chipewa chinali pamsomali. Ndinadziwa kuti kuseri kwa galasi Mayi anali atavala kale nsapato zafulati, ndipo ndinawaona akusuntha kambewa ka kompyuta mwa njira yomwe tsopano tinkaidziwa. Aliyense akanatha kudzuka n'kupita, lamulo lolembedwa linkatilola, koma palibe anadzuka, ndipo tsiku limenelo sindinamve munthu akung'ung'udza.

Getsi linayaka, loyera, losaphethira. Alamu anatseka denga, anayang'ana pansi, n'kuona ofesi yonse ili duu, maso onse ali pa mwamuna wawo. Nkhani yathu ankaidziwa bwino kuposa aliyense.

"Bambo a mapasa," anatero ali pamwamba pomwepo, "siyani makwererowa, nditsika ndekha. Pitani mukatenge ana, anzanuwa aweruke."

A Mapasa anavala jekete. A Malume anatenga chipewa.